Mpeni wa Atelala

Kwathu nkhuku sitinkapha tokha. Bambo anga anali Mkhristu weniweni, woimba nyimbo za kutchalitchi ngakhale pometa ndevu, koma tsiku loti pakhomo pafe nkhuku, mayi ankaimanga miyendo ndi kansanza n'kundinyamulitsa kuti ndipite nayo kwa atelala. Atelalawo anali Msilamu wa Chiyawo, mnzawo wa bambo wa ponda apa nane mpondepo. Ankasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina ku Old Town, kufupi ndi msika. Ndikafika ankaimitsa makina, n'kusamba m'manja, n'kutulutsa mpeni umene ankausunga m'kabokosi ka makinawo, wokulunga m'kansalu kobiriwira. Tinkazungulira kuseri kwa sitolo. Iwo ankatembenukira kumene amayang'ana akamapemphera, n'kunong'ona mawu awo, kenako n'kuizinga. Ine ntchito yanga inali kugwira mapiko ndi kutsinzina.

Tsiku lina ndinadandaula, poti nkhukuyo inali itandinyera pa diresi. Ndinafunsa mayi chifukwa chimene bambo sankangoipha okha, mipeni ili mbwee m'nyumba.

"Iwe, pakhomo pano pamabwera ndani ndi ndani?" anatero mayi. "Ukufuna ena azidya, ena azingoyang'ana?"

Msilamu sadya nyama imene sinazingidwe mwa mwambo wawo, ndipo Mkhristu alibe nazo kanthu kuti wazinga ndani. Ndiye nzeru yake inali yapafupi: azinge Msilamu, adye onse. Panalibe amene anachita kukhalira pansi kuti apange lamulo limeneli. Pa ukwati, pa maliro, pa Khirisimasi pomwe, mbuzi inkadikira Msilamu.

Tinkakhala ku Mchesi, m'nyumba za lendi zondondozana, mpopi umodzi tonsefe. Bambo anali kalipentala, anachokera kumudzi cha ku Mitundu atanyamula sowo ndi nyundo basi. Pakhomo loyandikana nafe panali kalaliki wa Chitumbuka amene ankasita ngakhale mpango wa m'thumba. Kutsogoloko kunali mayi wa Chilomwe wa zitumbuwa, kenako Angoni a ku Ntcheu ogulitsa mbatata ndi kabichi, kumapeto Ayawo awiri a usipa. Pampopi paja m'mawa ankakanganirana m'Chichewa, koma mkangano ukafika penipeni aliyense ankatukwana m'chinenero cha kwawo. Ine ndinaphunzira kutukwana m'zinenero zinayi ndisanadziwe kulemba kalata.

Bambo ankakonda kutiuza kuti atafika iwo, Lilongwe kanali kaboma chabe: ofesi ya bwanamkubwa wa boma, mlatho, msika, mzikiti, matchalitchi, ndi mzere wa masitolo a Amwenye. Chimene chinkayendetsa tauniyo chinali fodya. Alimi akagulitsa fodya, Old Town inkafufuma. Ankabwera ndi matumba otupa, kugula njinga, malata, wailesi, nsalu za akazi awo, ena n'kugula za akazi a eni ake zomwe. Bambo ankakhoma mabedi ndi mipando osapuma, atelala ankapalasa makina mpaka miyendo kutupa. Mvula ikayamba, tauni inkafota, aliyense n'kumadya zimene anasunga.

Kenako likulu linasamuka ku Zomba n'kubwera kuno. Sanalimange pa ife ayi, analimanga kutali, kutchire, n'kusiya nkhalango pakati kuti fumbi lathu lisawafike. Malo atsopanowo sanawapatse ngakhale maina, anangowapatsa manambala ngati mabedi a m'chipatala. Ife tinangodzuka tsiku lina n'kumva kuti kwathu kuja tsopano ndi Old Town, tauni yakale. Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Amvekere, "Ndiye kuti ifenso ndife anthu akale?"

Ine ndi amene ndinawoloka nkhalango ija. Ndinaphunzira kutayipa, ndinapeza ntchito mu ofesi ina ku City Centre, ndinakwatiwa ndi mnzanga wa muofesi momwemo, ndipo patapita zaka tinamanga ku Area 47. Ndisaname, ndinkanyada. Ndinkafika ku Mchesi pa galimoto, nsapato zazitali, kudumpha timadzi ta m'ngalande ngati sindinasewerepo m'menemo. Mayi atamwalira, kenako bambo, ndinalibenso chopitira. Atelala ndinawaona komaliza pa maliro a bambo, ataima panja pa tchalitchi dzuwa lonse lija, mzuli uli kumutu, kudikira kuti anyamule nawo bokosi.

Tsopano ndili pa penshoni. Amuna anga anatisiya. Ana awiri, wina ali ku Joni, wina kutsidya kwa nyanja, amandiimbira foni Lamlungu masana, mphindi zochepa, n'kumandifunsa ngati ndikumwa mankhwala. Nyumba ili ndi zipinda zinayi, ine ndimagona chimodzi, zinazo ndimangotsegula mawindo kuti zisanunkhe chinyontho. Mpanda tinaukweza kawiri. Woyandikana nane sindimudziwa nkhope, ndimadziwa galu wake ndi kulira kwa geti lake. Chaka china kuseri kwa mpandawo kunagwa maliro, ine ndinadziwira pa magalimoto amene anatseka msewu. Ha! Mwana wa ku Mchesi, kudziwa maliro a khomo loyandikana chifukwa chosowa podutsa.

M'mawa ndimaima pawindo kuonerera antchito akulowa m'dera lathu wapansi, m'magulumagulu, akuseka, akugawana chinangwa. Madzulo amatuluka, kuseka kuja n'kupita nako kwawo. Kuno kumatsala ife eni nyumba ndi agalu. Anthu akandifunsa kuti kwanu n'kuti, ndimati Lilongwe. Akati mudzi uti, mfumu yanji, ndimayamba kutafuna mawu. Kwa mayi ndinapitako kangapo ndili mwana, ndipo amene ankandidziwa kumeneko anatha. Anzanga onse a muofesi atapuma ntchito ankanena za kwawo, wina ku Rumphi, wina ku Mulanje, wina ku Nsanje. Ine kwathu kunali pampopi paja, ndipo mpopiwo anauzula kalekale.

Chaka chathachi ndinapita ku Old Town kukafuna nsalu ya makatani. Ndinali nditatenga nthawi osayendamo wapansi. Anthu, mayo ine! Tauni ija inadzaza mpaka kusefukira. Masitolo ena a Amwenye alipobe, koma ana awo anasiya nsalu, akugulitsa simenti ndi matailosi. Pakati pawo palowa Matchaina ndi mapulasitiki awo, Maburundi ndi magolosale, anyamata a ku Nigeria ndi zipangizo za magalimoto. Wa kabaza akukulizira belu kumbuyo, minibasi ikukupemerera utsi kumaso, wina akukukoka dzanja kuti ugule chaja. Kaunjika ali ponseponse, milumilu, ndipo ndi amene anapha atelala ambiri. Ndani angasoketse malaya pamene a kaunjika ali apo, osokedwa kale?

Ndikudutsa pakhonde lina lopanikizika, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Iwe! Mwana wa akalipentala!"

Ndinaima chilili. Panali patapita zaka zambiri chimwalirire munthu womaliza amene ankanditchula choncho. Kutembenuka, ndi atelala. Anali atachepa thupi, ndevu zonse mbuu, magalasi okhuthala omanga ndi ulusi. Makina anali omwe aja. Pambali pawo panali mulu wa mathalauza a kaunjika oti awapinde ndi kusintha zipi, ndiyo inali ntchito yawo tsopano.

"Mwandizindikira bwanji, bambo?" ndinafunsa nditagwada pafumbi pomwepo, diresi langa labwino lomwe.

"Kayendedwe," anatero. "Nkhope sindionanso bwino, koma ukuyenda ngati bambo ako, ngati wina wakubera."

Ndinaseka, kenako misozi inangobwera yokha. Ndinakhala nawo pa benchi mpaka dzuwa kupendeka, makatani osagula. Anandikumbutsa zinthu zimene ndinkayesa kuti ndinazilota: yunifolomu yanga yoyamba imene anaisoka yaikulu dala kuti ndikuliremo, ndi tsiku limene nkhuku inandipulumuka n'kukalowa m'sitolo ya Mmwenye, tonse atatu n'kumaithamangitsa pakati pa mipukutu ya nsalu. Ndinazindikira pa benchi pomwepo kuti m'Lilongwe monse muno munatsala munthu mmodzi yekha amene ankadziwa kumene ndinachokera. Sindinkafuna kumutayanso.

"Loweruka mubwere kwathu mudzadye," ndinatero. "Ndikuphikirani nkhuku."

Nkhope yawo inawala. "Nkhuku? Ngati kale?"

"Ngati kale."

Ndinawalembera njira pakapepala, poti foni analibe, ankati inawatopetsa. Ndinafuna kudzawatenga pa galimoto koma anakana, amvekere miyendo ikadalipo.

Lachisanu ndinagula thadzi lachikuda lonenepa, osati zoyera za m'firiji zija zosamveka kukoma. Loweruka ndinadzuka kusanatenthe, mtima uli dyokodyoko ngati mtsikana. Ndinatenga mpeni wa kukhitchini, ndinapita nayo kuseri, ndinaponda mapiko, n'kuipha ndekha. Ndinadzitama kuti manja anga sanaiwale ntchito, ngakhale akhala zaka zonsezi pa makina otayipira. Ndinaisosola, ndinaiwamba, ndinaiduladula. M'mutu mwanga simunadutse kanthu kalikonse, ngakhale kamphepo.

Nthawi itangokwana naini koloko, geti linagogodwa. Ndinatuluka manja ali mafuta okhaokha, ndipo ndinapeza ndi atelala, atavala mkanjo woyera wosita bwino, kathumba kansalu kali m'manja, nsapato zili fumbi chifukwa choyenda kuchokera pa siteji. Kunena zoona ndinanyansidwa pang'ono. Ndinati m'mtima, anthu akalewa, ukawaitanira nkhomaliro amabwera nthawi ya phala. Ndinali ndisanasambe, mpunga ndisanatsuke.

Pa sofa anakana, anasankha mpando wa pakhonde. Ndinawapatsa madzi n'kubwerera kukhitchini. Ndikasuzumira pawindo ndinkawaona akuyang'ana uku ndi uku, akutchera khutu, kathumba kali pamiyendo. Kamodzi anandifunsa kuti, "Kuseriku kuli malo?" Ine ndinayesa akusirira bwalo. Ndinawayendetsa monse, kuwaonetsa mapapaya, thanki la madzi, kapinga amene ndimalipirira munthu kuti azimudula. Anangoti, "Chabwino, chabwino," n'kubwerera pampando wawo. Anakhala pamenepo maola atatu, ine ndikungotulukira mwa apo ndi apo kuwaponyera nkhani.

Itakwana nthawi, ndinayala nsalu pa tebulo, ndinatulutsa mbale zimene zimangokhala m'kabati kudikira alendo osabwera. Ndinawapakulira mpunga, n'kuthira msuzi pamwamba ponse mpaka m'mbali, monga ankakondera amuna anga. Ndinaika ntchafu, chiwindi ndi nthutumba, ulemu wa mlendo. Masamba omwe ndinawathira msuzi womwewo kuti akome. Ndinagwada n'kuwasambitsa m'manja.

"Idyani, bambo," ndinatero. "Imeneyi si ya m'firiji ayi. Yachikuda yeniyeni. Ndapha ndekha m'mawa uno, ndi manja angawa."

Dzanja lawo linali litanyamuka kale. Linaima m'malere, kenako linabwerera pa bondo.

"Wapha wekha?"

"Ndekha!"

Anayang'ana mbaleyo. Kenako anati, "Mwanangu, ungondipangira tiyi. M'mimbamu simuli bwino masiku ano."

Ine mtima wanga ndi waufupi, ndinatengera bambo. Amuna anga ankati ndimayamba kuyankha funso lisanathe. Ndinaganiza za kudzuka kuja, za mbale zija, za sabata yonse imene ndinakhala ndikuwerenga masiku ngati mwana wodikira Khirisimasi, ndipo pakamwa panatseguka pokha.

"Aa, bambo, zoona? Ndavutika m'mawa wonse, inu n'kumati tiyi? Ngati simunafune kudya kwathu mukanangonena pakhonde paja. Kapena mukuona ngati ife a kumayadi chakudya chathu n'chodetsedwa? Mwabwera kudzandiona kapena kudzandichititsa manyazi m'nyumba mwanga?"

Anawerama, n'kutola kathumba kaja pansi pa mpando, n'kukamasula pang'onopang'ono. Anatulutsa kanthu kokulunga m'kansalu kobiriwira n'kukaika pa tebulo, pambali pa mbale. Atafunyulula, unali mpeni uja. Chigwiriro chinali chitada ndi manja, mpeniwo utapyapyala chifukwa chonoledwa zaka zonsezi.

"Ndinalawira dala," anatero motsitsa mawu. "Unati ngati kale. Ndimayesa wandisungira kuseri, ndiye ndimadikira kuti undiitane. Dzulo ndinaunola."

Ndinakhala pansi, pa matailosi pomwepo. Maola atatu munthu wamkulu atakhala pakhonde panga, akutchera khutu kuti amve kulira kwa nkhuku, ine ndikumuonetsa thanki la madzi! Chinthu chimene ndinachidziwa ndisanadziwe kuwerenga, chimene ndinachinyamula m'manja mwanga kambirimbiri kuchoka ku Mchesi mpaka pakhonde la sitolo, ndinachiiwala ngati sichinakhaleko. Sikuti ndinachinyoza, chinangochoka. Zaka zonse zija kuseri kwa mpanda, panalibe ndi tsiku limodzi lomwe limene ndinafunika kuganiza kuti pakhomo pano pabwera ndani ndi ndani. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

Ndinapepesa, ndinapepesanso. Ndinati ndiphika mpunga wina, mazira, nyemba, chilichonse, mumphika wina. Ndinati ndithamanga pa galimoto ndikagule nkhuku ina yamoyo. Iwo anangogwedeza dzanja.

"Usavutike. Nthawi yapita, ndiyenera kukapemphera. Tiyi yekha akwana."

Anamwa tiyi ndi nthochi ziwiri, ndipo anayamikira nthochizo mobwereza kuti ine mtima ukhale pansi. Zimenezo ndiye zinandipweteka koposa. Mbale ija inakhala pakati pathu mpaka mafuta kugwirana pamwamba. Anakulunganso mpeni wawo. Ndinawaperekeza pa galimoto mpaka pafupi ndi mzikiti. Potsika anagwira chitseko kanthawi ngati pali chimene akufuna kunena, koma anangoti, "Bambo ako anali munthu. Utsale bwino, mwanangu."

Ndikanapita m'mawa mwake. Ndikudziwa. Koma manyazi anandimanga miyendo. Ndinkati ndipita Loweruka, Loweruka likafika n'kuti linalo, ndikufunafuna mawu abwino oti ndikanene. Panatha mwezi ndi masabata. Tsiku lina ndinangodzuka n'kudzikalipira ndekha, ndinapita kumsika, ndinagula thadzi lina lofiirira, ndinalimanga miyendo ndi kansanza monga ankachitira mayi. Galimoto ndinaisiya patali. Ndinayenda pakati pa Old Town nditakumbatira nkhuku, mayi wa imvi, anyamata a kabaza akundiseka kuti amayi mugulitsa bwanji. Sindinawalabadire. Ndinali nditakonza kuti ndikangogwada n'kunena kuti, bambo, amayi andituma.

Pakhonde paja panalibe makina awo. Pamalo pawo panali tebulo la zikuto za mafoni. Pafupi pake panali mayi wina wosoka, amene ndinamuonanso tsiku lija ndinakumana ndi atelala, ndipo ndinamufunsa za atelala achikulire.

"Agogo aja? Anapita kwawo," anatero osasiya kupalasa makina. "Maso anakanika. Ana awo anabwera kudzawatenga, makina omwe. Anatsanzika bwinobwino, mzere wonse uno, sitolo ndi sitolo. Ankanenanso kuti kwatsala kumayadi, akatsanzike mwana wa mnzawo." Apa anaimitsa makina n'kundiyang'ana, ine ndi nkhuku yanga. "Kodi si inu?"

Ndinati ndine. Mpamene ndinazindikira chimene ankafuna kunena atagwira chitseko cha galimoto paja. Ndinafunsa kuti kwawoko n'kuti.

"Cha ku Mangochi uko. Mudzi wake sindiudziwa."

Inenso sindinkaudziwa. Munthu ndinamudziwa moyo wanga wonse, anasoka yunifolomu yanga, ananyamula bokosi la bambo anga, koma sindinamufunsepo kuti kwanu n'kuti. Kwa ine kwawo kunali pakhonde. Ndinaiwala kuti tauni ino anthu amangobwerekana, ikawathera ntchito aliyense amanyamula zake n'kubwerera kumene anachokera.

Ndinapita kumzikiti. Ndinaima panja mpaka bambo wina wachikulire anatuluka n'kundifunsa chimene ndinkafuna. Ndinatchula dzina la atelala, lokhalo limene ndinkalidziwa, loyamba. Anaseka mwaulemu n'kunena kuti a dzina limenelo akaitanidwa, theka la mzikiti lingaimirire. Anawakumbukira ndithu agogo osoka a magalasi, koma za mudzi anapukusa mutu. Anafunsa anzake awiri, wina anati Mangochi, wina anati ayi, Machinga. Kenako anayang'ana nkhuku ija.

"Ngati mwabwerera imeneyi, mayi, bweretsani ndikuzingireni. Si nkhani yovuta."

Anali munthu wabwino, ndipo ananena zoona, sinali nkhani yovuta. Koma ndinangoikumbatira kwambiri, ndinathokoza, n'kubwerera ku galimoto.

Nkhukuyo ilipo mpaka lero. Ndinaimasula kuseri, imagona m'chipinda chosungiramo makasu, yafukula kapinga yense amene ndinkanyadira uja. Imaikira mazira mwa apo ndi apo, opanda tambala, osaswa kanthu. M'mawa ndikatsegula chitseko cha kukhitchini imabwera yokha, ndipo ndimapezeka ndikuilankhula, nthawi zina kuikalipira kumene. Ndafunsa kwa ogulitsa usipa, ndafunsa kwa madalaivala a minibasi za ku Mangochi, palibe amene akuwadziwa.

Pa Khirisimasi mwana wanga wa ku Joni anabwera ndi ana ake. Ataiona anati, "Amayi, nkhuku yonenepa chonchi mukuisungiranji? Bweretsani mpeni, tidye lero."

Ndinamuuza kuti aisiye. Ndinati ili ndi mwini wake woizinga, sanabwere chabe.